Mfuti ya asilikali ikakalamba, yolowa m'malo imasankhidwa bwanji?

Makalata ambiri a mwezi uno afunsa nkhani imodzi: gulu lankhondo likafuna kusiya mfuti imene msilikali aliyense amanyamula n'kutenga ina, limayambira pati? Tasankhapo mafunso angapo, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndine bambo wopuma usilikali. Mfuti imene tinkagwira ife inali yolimba, ndipo ndikhulupirira kuti mpaka lero ikhoza kulira. Nanga boma lionongeranji ndalama pogula ina?

YANKHO: Bambo, mfuti ikhoza kumalira bwinobwino koma itatha kale. Chimodzi mwa zimene zimatha ndi mpope, makamaka chigawo choyandikana ndi chipinda chimene chipolopolo chimakhalamo chisanawomberedwe. Wonga ukayaka, moto ndi mpweya wotentha zimadya chitsulo cha pamenepo, ndipo timizere topota tam'kati mwa mpope, timene timazungulitsa chipolopolo kuti chiziyenda mowongoka, timafafanizika pang'onopang'ono. Msilikali amangoona kuti zipolopolo zimene kale zinkagwera pamodzi pa chandamale tsopano zikumwazika. Amisiri a zida ali ndi timiyezo tachitsulo timene amalowetsa mumpope kuti aone pamene kudyekako kwafika, ndi tina toyezera mpata wa pakati pa bolt (chitsulo chimene chimakankhira chipolopolo m'chipinda n'kutseka kumbuyo kwake) ndi chipinda chija. Mpatawo ukakula, khoko la chipolopolo limatha kung'ambika powombera. Zonsezi zimakonzeka malinga ngati masipeya alipo. Mutu umauma amene ankapanga masipeyawo akatseka fakitale.

N'zimene zinachitikira dziko la France. Mfuti yawo ya FAMAS inayamba ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, koma fakitale ya boma ya ku Saint-Étienne imene inkaipanga inatsekedwa mu 2001. Kuwonjezera apo, FAMAS yoyambirira inkafuna zipolopolo za makoko achitsulo, chifukwa inkatha kung'amba makoko a brass (chitsulo chachikasu chofewerapo) amene mayiko anzawo a mumgwirizano wa zankhondo wa NATO amagwiritsa ntchito, ndipo magazini yake (kabokosi kolowetsa pamfuti kokhalamo zipolopolo) ya zipolopolo 25 sinkalowana ndi ya anzawowo. Mu 2016 anasankha HK416F ya kampani ya ku Germany ya Heckler & Koch, ndipo zoyamba zinafika mu 2017.

Chifukwa china n'chakuti msilikali wa lero sawombera ndi maso okha. Pamfuti pamafunika galasi loonera chandamale, choonera usiku, tochi ndi laser. Zonsezi zimamangidwa pa kanjanji ka mano kotchedwa Picatinny, kamene muyezo wake unakhazikitsidwa mu 1995. Mfuti zambiri zakale zilibe pomangira polimba, ndiye galasi limasuntha, msilikali n'kumaphonya chonsecho walunjika bwino. Palinso zovala zoteteza ku zipolopolo zimene zafala kwambiri, komanso dziko likalowa mumgwirizano wa zankhondo limafuna zipolopolo zofanana ndi za anzake.

Komabe nkhawa yanu ili ndi mutu. Nthawi zina kukonzanso mfuti yakale ndiye nzeru. Asilikali a United States anachititsa mpikisano wofuna mfuti yolowa m'malo mwa M4, koma mu June 2013 anauthetsa chifukwa panalibe mfuti imene inafika pa muyezo wa kudalirika umene anaika. M'malo mwake anasandutsa ma M4 awo kukhala M4A1, ya mpope wokhuthala umene sufulumira kuzirala mphamvu ndi kutentha ngati wakale. Boma lisanaitane makampani, liyenera kuyamba lawerengera njira imeneyi moona mtima.

FUNSO: Ine ndi anzanga timatsutsana nthawi zonse. Yabwino ndi iti pakati pa AK ndi M4? Dziko lingosankha yabwinoyo basi.

YANKHO: Achimwene, amene amagula mfuti za gulu lonse lankhondo akayambira pa funso limenelo ndiye kuti aphonya kale njira. Choyamba kusankha ndi chipolopolo, mfuti imabwera pambuyo. Chipolopolo ndicho chimalamula kutalika kwa pamene msilikali angafike, kulemera kwa mfuti, mphamvu imene imagunda phewa, ndi kuchuluka kwa zimene anganyamule.

Taonani manambala. Chipolopolo chathunthu cha 5.56x45 (nambala yoyamba ndi kukula kwa chibowo cha mpope, yachiwiri ndi kutalika kwa khoko, zonse m'mamilimita) chimalemera pafupifupi magalamu 12, cha 7.62x39 cha AK yakale magalamu 16, ndipo cha 7.62x51 cha mfuti ngati G3 ndi FN FAL pafupifupi magalamu 24. Msilikali wa United States wonyamula M4 amatenga zipolopolo 210 m'mamagazini 7. Zimenezo ndi makilogalamu awiri ndi theka, osawerengera mamagazini. Zipolopolo 210 za 7.62x51 zingakhale makilogalamu asanu. Chachikulucho chimafika patali ndi mphamvu ndipo chimaboola zotchinga bwino, koma mfuti yake imadumpha, moti msilikali wamba amachedwa kubwezera diso pa chandamale kuti awomberenso. Chaching'onocho n'chosavuta kuphunzitsira anthu ambiri, koma chikadutsa mamita 500 mphamvu imakhala itachepa ndipo mphepo imachikankha. Dziko la nkhalango zowirira ndi mizinda yothithikana silingayankhe funsoli mofanana ndi dziko la mapiri oyera ndi zipululu.

Kusintha chipolopolo ndi chiganizo cholemera kuposa kusintha mfuti, chifukwa chimakhudza nkhokwe zonse za zipolopolo, makina a fakitale, mfuti zamakina za gulu limodzimodzilo ndi mabwalo ophunzirira kuwombera. Britain inalawa zimenezi. Mu 1951 inavomereza mfuti ya EM-2 ya chipolopolo cha .280, koma chiganizocho chinabwezedwa posakhalitsa pofuna kufanana ndi anzawo, ndipo mu 1954 NATO inakhazikitsa 7.62x51 monga United States inkafunira. Patangotha zaka zochepa, United States yomweyo inasiya M14 n'kutenga M16 ya 5.56, ndipo NATO inavomereza 5.56x45 mu 1980. Ngakhale zipolopolo za saizi imodzi zimasiyana. Cha 5.56 choyambirira chinkayenda bwino mumpope umene timizere take timazungulira kamodzi pa mainchesi 12, pamene cha NATO, chotalikirapo ndi cholemererapo, chinabwera ndi mipope ya kamodzi pa mainchesi 7. Mukaika cha NATO mumpope wakalewo, sichikhazikika m'mwamba ndipo chimatha kumenya chandamale cham'mbali.

Chipolopolo chikadziwika, pamalembedwa chikalata cha zofunika. Ife timaona kuti chikalata chimenechi ndicho mtima wa ntchito yonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ndi chimene kawirikawiri chimalembedwa mothamanga. Mawu ngati “yolimba” kapena “yodalirika” alibe ntchito mmenemo. Pamafunika manambala oti munthu angayeze: kulemera kosapitirira makilogalamu akutiakuti yopanda magazini, zipolopolo zigwere m'bwalo la masentimita akutiakuti pa mamita 100, mfuti ili yozizira komanso itatentha, mpope ukhale zipolopolo zingati usanasinthidwe, ijame kangati pa zipolopolo masauzande angati, amanzere athe kuigwiritsa ntchito. Zofunikazo zigawidwe pawiri: zimene mfuti ikalephera ndiye kuti yatuluka mumpikisano, ndi zimene zimangowonjezera mapointi.

Chimene chaiwalika m'chikalatamo simungadzachidandaule pambuyo pake. Germany inayamba kugwiritsa ntchito G36 mu 1997. Asilikali atapita kumalo otentha ngati Afghanistan, panabuka madandaulo akuti mfutiyo ikatentha zipolopolo zimamwazika. Mu 2015 nduna ya zachitetezo, Ursula von der Leyen, inanena kuti G36 ilibenso tsogolo m'gulu lankhondolo. Koma nkhani itafika kukhoti ku Koblenz mu 2016, Heckler & Koch inapambana, chifukwa mfutiyo inkakwaniritsa zonse zimene boma linalemba poigula. Mfuti inali yomweyo. Ntchito ndi imene inasintha, ndipo chikalata sichinaonere patali.

Tsono pa mkangano wanuwo: mabanja onse awiri, la AK ndi la AR-15 limene M4 ndi HK416 zinachokerako, atumikira zaka zambiri ndipo zofooka zake n'zodziwika. La AK limapirira kusasamalidwa. La AR-15 n'losavuta kumangapo magalasi ndi kulisintha kuti ligwirizane ndi msinkhu wa msilikali, n'chifukwa chake mayiko ambiri amene asankha posachedwapa, monga France, Germany, Estonia ndi New Zealand, apita kumeneko.

FUNSO: Ndikuphunzira zaumisiri wa makina. Kodi mfuti zopikisana zimayesedwa motani kuti pasakhale kukondera?

YANKHO: Poyamba kampani iliyonse imapereka mfuti zingapo, osati imodzi, pamodzi ndi mamagazini, masipeya ndi mabuku ake. Mfuti imodzi yosulidwa mwapadera ndi amisiri aluso sikuuzani kanthu za mfuti 50,000 zotuluka pamzere wa fakitale. Zikafika, zimayezedwa kulemera, kutalika, ndi mphamvu yofunika kukhethemula, kenako amaziphwasula n'kusakaniza zigawo zake kuti aone ngati bolt ya mfuti iyi ingagwire ntchito mu inzake. Zikakana, dziwani kuti fakitaleyo siisunga miyezo, ndipo amisiri a kumisasa adzavutika ndi tupa moyo wawo wonse.

Kenako amayesa chitetezo. Mfuti yotchera amaigwetsa pansi polimba kuchokera pa mita imodzi ndi theka, mbali zosiyanasiyana, ndipo siyenera kulira yokha. Amaiwombera ndi chipolopolo cha mphamvu yopitirira muyezo. Amaiwombera itangotuluka m'madzi, mumpope mukadali madzi. Amaiwomberanso mosalekeza mpaka itatentha kwambiri, n'kusiya chipolopolo m'chipinda kuti aone ngati chingaphulike chokha ndi kutenthako. Pajatu mfuti ya msilikali si mfuti yamakina: buku la M4 limati ngati mukufuna kuwombera kwa nthawi yaitali osaiwononga, musapitirire zipolopolo 12 mpaka 15 pa mphindi.

Gawo lalitali kwambiri ndi la kupirira. Mfuti iliyonse imawombera zipolopolo masauzande, ndi nthawi yoikika yoziziritsa, yotsuka ndi yothira mafuta, yofanana kwa onse. Ikajama, mlembi amalemba nambala ya chipolopolo, nambala ya magazini, ndi mtundu wa kujamako: kumene msilikali angakuthetse yekha m'masekondi ochepa, kumene kumafuna kuphwasula, ndi kumene kumafuna mmisiri ndi sipeya. Kujama 20 kwa mtundu woyamba sikufanana ndi bolt imodzi yothyoka. Pakapita zipolopolo zingapo amayezanso kumwazika pa chandamale ndi liwiro la chipolopolo kuti aone mmene mpope ukuthera. Pambuyo pake zimalowa m'zipinda za nyengo: kuzizira kopitirira madigiri 40 pansi pa ziro, kumene mafuta amauma ndipo pulasitiki imasweka, kutentha kopitirira madigiri 50, fumbi, matope, mvula, ndi nkhungu ya mchere yoyesera dzimbiri.

Zotsatira za mayeso amodzi musamazitenge ngati chigamulo. Chakumapeto kwa 2007, ku Aberdeen Proving Ground ku Maryland anayesa mitundu inayi ya mfuti m'fumbi loopsa, mfuti 10 pa mtundu uliwonse, iliyonse zipolopolo 6,000. XM8 inajama ka 127, SCAR ka 226, HK416 ka 233, ndipo M4 ka 882. Manambalawa anafalikira ponseponse. Koma pa mayeso ofanana nawo miyezi ingapo m'mbuyo mwake, M4 inajama ka 307 kokha. Mtundu umodzi wa mfuti ukapereka zotsatira zosiyana chonchi, woyesa wanzeru amafufuza chimene chinasintha: msinkhu wa mfutizo, mafuta, mamagazini, kapena kayesedwe komwe.

Za magazini tiimepo pang'ono, chifukwa ndi kachipangizo kotchipa kamene kamanyozeka koma kamachititsa manyazi mfuti zabwino. Milomo yake iwiri ya pamwamba ndi imene imagwira chipolopolo pa ngodya yoyenera. Magazini ya aluminiyamu ikagwa chamutu pakonkire, milomoyo imayasamula pang'ono, mwina mosaoneka ndi maso, ndipo zipolopolo ziwiri zimatha kutuluka nthawi imodzi n'kupanikizana pakhomo pa chipinda. Sipuling'i yofooka imachedwa kukweza chipolopolo, bolt n'kudutsa pamwamba pake. N'chifukwa chake magazini iliyonse pa mayeso imalembedwa nambala. Kujama kukamatsatira magazini imodzi, wolakwa si mfuti.

Mayeso a mulabotale akatha, mfuti zimapita kwa asilikali enieni kwa miyezi ingapo. Musasankhe akatswiri owombera okhaokha. Pakhale aatali ndi aafupi, amuna ndi akazi, amanzere, oyendetsa magalimoto ankhondo, ongotuluka kumene ku maphunziro. Avale zonse zimene amavala kunkhondo, akwawe nayo, alowe ndi kutuluka nayo m'galimoto, aitsuke usiku manja atazizira. Kumeneko n'kumene zimaoneka zinthu zimene makina sangaone. Mfuti ya Britain ya L85A1 inali ndi kotsegulira magazini kamene kankakodwa pa zovala za msilikali, magazini n'kugwa iye osadziwa. Madandaulo a kujama mumchenga anakula pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, mpaka kuyambira mu 2000 Heckler & Koch inakonzanso mfuti pafupifupi 200,000 kukhala L85A2.

Chomaliza, chimene mwayesa chikhale chimene mwagula. M16 itafika ku Vietnam inkajama kwambiri, ndipo komiti ya nyumba ya malamulo ya United States imene inafufuza mu 1967 inaloza chala makamaka pa kusinthidwa kwa wonga. Mfutiyo inakonzedwa ndi wonga wa mtundu wina, koma zipolopolo zopita kunkhondo zinadzazidwa ndi wina umene unkathamangitsa bolt mopitirira ndi kusiya mwaye wambiri. Chipinda cha chipolopolo chinalibe chrome, ndiye m'chinyezi chinkachita dzimbiri, khoko n'kukanirira. Zotsukira nazo zinali zosakwanira. Asilikali anafa mfuti zitawakanira m'manja pa zifukwa zimene zikanapeweka. Choncho gulu lililonse la mfuti lotuluka m'fakitale litapidwepo zingapo n'kuyesedwanso, ndipo wina asasinthe wonga, chitsulo kapena wopanga sipeya popanda kubwerera ku mayeso.

FUNSO: Ndaona mfuti zina magazini yake ili kumbuyo kwa chogwirira. N'chifukwa chiyani mayiko ena akuzisiya?

YANKHO: Zimenezo ndi za mtundu wa bullpup, Mayi. Ubwino wake ndi mpope wautali m'mfuti yaifupi: L85 ndi yotalika mamilimita 785 ndi mpope wa mamilimita 518, pamene M16A2 ya mpope wa mamilimita 508 imafika mita imodzi. M'galimoto ndi m'nyumba kufupikako kumathandiza. Zovuta zake n'zakuti makoko amatulukira pafupi ndi tsaya, moti zina sizingawomberedwe paphewa lamanzere. Thako lake kawirikawiri silitalikitsidwa kapena kufupikitsidwa kuti ligwirizane ndi chovala choteteza. Ndipo kusintha magazini kumafuna kuzolowera. France, New Zealand ndi China zabwerera ku mfuti za kapangidwe kakale, pamene Austria, Australia ndi Croatia zikugwiritsabe ntchito bullpup. Gulu limene asilikali ake amakhala kwambiri m'magalimoto lisaichotse pa mndandanda lisanaiyese.

FUNSO: Ndamva kuti United States yatenga mfuti ya chipolopolo chachikulu cha 6.8. Kodi mayiko ena onse atsatire?

YANKHO: Mu April 2022 gulu lankhondo la pamtunda la United States linasankha kampani ya SIG Sauer kuti ipange mfuti imene tsopano ikutchedwa M7, pamodzi ndi mfuti yamakina ya M250, zonse za chipolopolo cha 6.8x51. Asilikali a 101st Airborne Division ndi amene anayamba kulandira mu 2024. Cholinga chinali kufika patali ndi kuboola zovala zoteteza zamakono. Kuti chipolopolo chithamange kwambiri kuchokera mumpope waufupi wa mamilimita 330, mphamvu ya mpweya m'chipinda inakwezedwa kufika pa 80,000 psi, pamene ya 5.56 imakhala cha m'ma 62,000. Khoko la brass lokha silingapirire zimenezo, ndiye thako la khokolo ndi lachitsulo.

Mtengo wake umalipiridwa ndi msana wa msilikali. M7 imalemera makilogalamu 3.8, ndipo ndi chochepetsa phokoso imafika pafupifupi 4.5, pamene M4A1 yopanda kanthu imakhala cha m'ma makilogalamu atatu. Magazini yake ndi ya zipolopolo 20, ndiye mamagazini 7 omwe aja akunyamula 140 m'malo mwa 210, komanso akulemera kuposa kale. Pa nkhondo ya asilikali oyenda pansi, zipolopolo zambiri zimawomberedwa pofuna kuti mdani asadzutse mutu anzako akusuntha. Kutaya zipolopolo 70 pa munthu aliyense si nkhani yaing'ono, ndipo ndi pamene pagona mkangano pakati pa asilikali a dzikolo.

Onaninso zimene zikubwera limodzi ndi mfutiyo. Ili ndi galasi la XM157 la kampani ya Vortex, lokhala ndi laser yoyeza mtunda ndi kakompyuta kouza msilikali poloza. Popanda galasi ngati limenelo, kufika patali kwa chipolopolocho kulibe phindu kwenikweni, chifukwa msilikali sangamenye chimene sakuchiona kapena chimene sakudziwa mtunda wake. Boma lawo likumanganso fakitale yatsopano ya zipolopolozi ku Lake City ku Missouri. Ndipo M7 ikupita kwa asilikali omenyana maso ndi maso okha. Ena onse akusungabe M4.

Maganizo athu ndi akuti dziko limene lilibe fakitale yakeyake ya zipolopolo lisathamangire. Chipolopolo cha 6.8x51 si muyezo wa NATO, ndipo opanga ake ndi ochepa, pamene 5.56x45, 7.62x51 ndi 7.62x39 zimapangidwa m'mayiko ambiri. Njira imene magulu ambiri atenga ndi yopatsa asilikali onse mfuti yopepuka yokhala ndi galasi labwino, kenako m'kagulu kalikonse n'kuikamo munthu mmodzi wa mfuti ya 7.62x51 yomenyera patali. Ndalama zikakhala zochepa, galasi labwino ndi zipolopolo zokwanira zophunzirira zimakweza kamenyedwe ka chandamale kuposa chipolopolo chatsopano.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yogula katundu. Pa tenda ya mfuti, kodi wotchipa ndiye wopambana? Nanga kupanga tokha si kwabwino kuposa kugula kunja?

YANKHO: Mtengo wa mfuti imodzi umanyenga, akulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti imeneyi idzakhala zaka 25 kapena 30, ndiye werengerani zonse za zaka zimenezo. Galasi labwino limatha kudula mofanana ndi mfutiyo kapena kuiposa. Msilikali aliyense afunika mamagazini osachepera 6 kapena 7, ndi ena ambiri m'nkhokwe poti magazini ndi chinthu chotha. Onjezani lamba, zotsukira, chomangira pakamwa pa mpope powombera zipolopolo zopanda mutu pa maphunziro, matumba atsopano a mamagazini ngati akale sakukwana, mashelefu a m'nyumba zosungira zida ndi zogwirira mfuti m'magalimoto. Onjezani masipeya amene amatha msanga: chokokera khoko ndi sipuling'i yake, msomali womenya chipolopolo, masipuling'i a bolt, mipope. Onjezani timiyezo ndi zida za amisiri, maphunziro awo, ndi mabuku m'chinenero chimene asilikali amawerenga. Pa zaka zonsezo, ndalama za zipolopolo zophunzirira nthawi zambiri zimaposa za mfuti zenizenizo.

M'kontirakiti mulembedwe zaka zimene kampani idzapereke masipeya ndi mitengo yake, chilango ikachedwa, ndi ufulu wanu wokana gulu la mfuti lolephera mayeso. Funsaninso amene ali ndi umwini wa mapulani a mfutiyo. Ngati simunagule ufulu wopangitsa masipeya kwina, kampani ikatseka kapena boma la kwawo likaletsa kutumiza zida, mudzatsala manja ali m'khosi.

Ndipo maloya ayang'ane za patent, umwini wa mwalamulo wa kapangidwe kamene kampani inatulukira, mayeso asanathe. Germany inatsegula tenda ya mfuti pafupifupi 120,000 mu 2017. Mu September 2020 inalengeza kuti kampani ya C.G. Haenel ya ku Suhl yapambana ndi MK556. Mwezi wotsatira chilengezocho chinabwezedwa chifukwa cha nkhawa yakuti mfutiyo inaphwanya patent ya Heckler & Koch. Mu March 2021 boma linatembenukira ku HK416 A8, nkhani inapita kukhoti, ndipo nyumba ya malamulo inavomereza ndalama zake mu December 2022. Nthawi yonseyi asilikali anali akadali ndi G36 imene nduna inaikana mu 2015.

Kupanga nokha kuli ndi phindu lenileni: masipeya ali pafupi ndipo simudalira chifundo cha dziko lina. Koma fakitale imafuna maoda osalekeza. Gulu lankhondo laling'ono likalandira mfuti zake zonse m'zaka zitatu, makina adzapanga chiyani zaka 20 zotsatira? Kupanganso mfuti yatsopano kuyambira pa pepala ndi ntchito ina yosiyana ndi kupanga ya ena ndi chilolezo. India inapanga INSAS yakeyake, ndipo pa nkhondo ya ku Kargil mu 1999 panali madandaulo a mamagazini osweka ndi chisanu ndi a kujama. Tenda ya 2011 yofuna mfuti yotha kusintha saizi ya chipolopolo inathetsedwa mu 2015 popanda wopambana. Mapeto ake mu 2019 anagula SIG716 zokwana 72,400 kuchokera ku United States, ndipo mu December 2021 anasainirana ndi Russia kuti apange AK-203 zoposa 600,000 ku Korwa m'dziko lawo lomwelo. Kwa dziko laling'ono, malo abwino oyambira ndi fakitale ya zipolopolo, mamagazini, ndi malo okonzera mfuti mpaka kusintha mipope. Finland ndi Sweden zinatenga njira inanso mu 2023: zinagwirizana kugula limodzi banja limodzi la mfuti ku kampani ya Sako, kuti oda ikule ndipo masipeya akhale ofanana.

FUNSO: Zatsopano zikafika, zakale zimapita kuti?

YANKHO: Sizichoka tsiku limodzi. Kusintha kumatenga zaka, ndipo kumayendetsedwa gulu ndi gulu, osati kugawa mfuti zisanu apa zisanu apo. Oyamba kulandira akhale aphunzitsi ndi amisiri a zida, kenako sukulu za asilikali atsopano ndi magulu amene ali pafupi kupita ku ntchito yoopsa. Gulu lisalandire mfuti masipeya, zotsukira ndi zipolopolo zake zisanafike. Msilikali aliyense aphunzirenso kuphwasula, kuthetsa kujama ndi kuchotsa zipolopolo m'mfuti mosamala, kenako akhazikitse galasi lake pa chandamale ndi kukhoza mayeso a kuwombera asanapite nayo kulikonse. Ngozi zambiri za nthawi imeneyi zimabwera chifukwa manja anazolowera yakale: chala chimapita pamene panali loko wa mfuti ija, pomwe pa yatsopanoyi ali pena. Ngati saizi ya chipolopolo yasintha, mabokosi alembedwe mooneka bwino ndipo mitundu iwiri isapezeke pabwalo limodzi lowomberera.

Zakalezo ziwerengedwe imodziimodzi ndi nambala yake, osati ndi mabokosi. Zimene zapambana pa timiyezo tija zikhoza kupita kwa asilikali oyembekezera kuitanidwa, kapena kusungidwa zitapakidwa mafuta m'malo ouma, pamodzi ndi mamagazini ndi zipolopolo zake, poti mfuti yosungidwa yopanda zimenezi ndi chitsulo chabe. Zikagulitsidwa kapena kuperekedwa ku dziko lina, pakhale chikalata chonena amene adzazigwiritse ntchito, ndipo zolemba zisungidwe. Mgwirizano wa United Nations wa 2005 wolondola zida zing'onozing'ono umafuna kuti mfuti za boma zikhale ndi zizindikiro ndi kaundula. Apa mpamene mfuti zambiri zimasowera n'kukapezeka m'manja mwa achifwamba ndi zigawenga, chifukwa maso a aliyense amakhala ali pa zatsopano.

Zotsalazo ziwonongedwe kotheratu. Kuchotsa bolt kokha sikukwanira, poti bolt ina ikhoza kupezeka. Thupi la mfuti, pamene pali nambala, lidulidwe ndi moto m'malo angapo kapena liphwanyidwe ndi makina, mpope udulidwe podutsa pachipinda cha chipolopolo, ndipo zidutswazo zikasungunulidwe. Pa ntchitoyi pakhale mboni yochokera kunja kwa gulu limene linkasunga mfutizo, yowerenga nambala iliyonse isanadulidwe ndi kusainira kaundula.